Mphindi Khumi

Aphunzitsi a Quilodrán anandilembera kakalata:
mphindi khumi zokha madzulo aliwonse,
osamukalipira, osamuuza mawu asanayese yekha.
Ndinakamata pachitseko cha furiji,
pambali pa ngongole ya gasi.

Ndimafika manja akununkha nsomba za ku Caleta Portales,
masitepe zana ndi makumi anayi ali m'mawondo
poti chikepe cha paphiri pathu chinafanso mu Meyi.
Ndimapeza Amaro atabisa kale buku.
Dzana linali mu uvuni.
Dzulo analigonekapo mphaka.

Zaka zisanu ndi zitatu.
Basi iliyonse ya mu Valparaíso amaidziwa ndi kulira kwa injini,
koma b ndi d zimamuzemba.
Akuti akangophethira zimatembenuka,
ina mimba kutsogolo, ina mimba kumbuyo,
ngati azibambo awiri onyanyalitsana pamzere wa buledi.

Tikhala patebulo la kukhitchini,
lija tinaliikira katoni kumwendo.
Chala chake chiyenda pansi pa mzere,
chiima.
Ine mawuwo ndawaona kale,
ali pansonga ya lilime, akuyabwa,
ndiwaluma.
Ndiwerenga chamumtima mpaka zisanu
monga ndichitira kasitomala akamanenerera mtengo.

"Da... ba... bar..."
Mpweya ukumuperewera.
"Barco."
Sitima ya panyanja. Zilembo zisanu zokha,
koma tazikoka awiri ngati ukonde wodzaza.

Si masiku onse otere.
Lachitatu lapitali mtima unandipsa.
Ndinati, mawu omwewa wawawerenga pamwambapa,
tsopano akusowa bwanji?
Anatseka buku pang'onopang'ono, osalira,
nati, "Mamá, mutu wangawu ndi wobooka."
Usiku umenewo ndinatsuka mbale zotsuka kale.
Ndinakumbuka benchi yakumbuyo pasukulu ya ku Lota,
kamtsikana ka nsapato zothina kataimiritsidwa,
tsamba likusambira m'maso,
kalasi yonse itasunga phwete kukamwa.
Zimenezi ndinali ndisanamuuzepo.

M'mawa mwake ndinamuuza.
Anandiyang'ana nthawi yaitali, buledi ali m'tsaya,
nati, "Ndiye inu munazigwira bwanji zilembozo?"
Ndinati sindinagwire zonse,
zina mpaka lero zimandipulumuka.

Tsopano timasinthana, mzere wake, mzere wanga.
Nthawi zina ndimalakwitsa dala,
iye n'kumenya tebulo: "Ayi! Bwererani!"
Nthawi zina si dala,
ndipo iye sadziwa kusiyana kwake.

Buku likatikana timalileka ligone.
Timawerenga paketi ya tiyi, bilu ya magetsi,
mankhwala a chifuwa a amalume ake Nibaldo,
zolemba za anyamata pakhoma la masitepe,
ngakhale pena ndimamukoka dzanja tidutse msanga
asanamalize kulumikiza.
Sabata yatha aphunzitsi anatumiza kakalata kena:
akadali m'mbuyo, koma wayamba kukweza dzanja.
Kameneko sindinamate pafuriji.
Kali m'thumba la epuloni, kanyowa kawiri.

Lero mphepo ya kum'mwera yasesa chifunga padoko.
Ndikuyanika zovala pakhonde
ndamva kunong'ona kumbuyo kwanga.
Mphuno yake yaphwatalala pagalasi la zenera.
Kumunsiko sitima yofiira ikulowa, makontena mpaka kumwamba,
zilembo zoyera m'nthiti mwake,
chilichonse kutalika ngati chitseko cha tchalitchi.
Palibe wamutuma.
Mphindi khumi zathu sizinakwane n'komwe,
buku lili komwe walibisa.

"Es... tre... lla..."

Kenako zii.
Wafika pa chilembo cha mimba chija.

Ndaima ndi malaya ake onyowa m'manja,
madzi akutsikira m'chigongono,
osatembenuka, osatsokomola,
lilime ndaluma.
Imodzi. Ziwiri. Zitatu.
Sitima ikukhota pang'onopang'ono,
dzina lake likadaonekabe,
ndipo pagalasi pamveka kachala
kakujambula kamzere kowongoka,
kenako kuima,
kufunafuna mbali yoika mimba.